Makalata a Omvera: Wailesi zomwe zinkalondolera ndege kuchipululu

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba lero yachokera kwa bambo wina wa ku Mchinji. Akuti: "Achimwene, sabata yatha munati kale ndege zinkauluka zopanda wailesi. Nanga woyendetsa ankadziwa bwanji kuti kutsogolo kwaipa?"

Zikomo bambo. Kunena zoona, sankadziwa. Pa 21 Malichi 1931, ndege yotchedwa Southern Cloud inanyamuka ku Sydney kupita ku Melbourne, m'dziko la Australia, muli anthu 8. Ili kale m'mwamba, azanyengo anaona kuti kumene ikulowera kuli chimphepo choopsa, koma analibe pomuuzira woyendetsa. Inasowa basi. Zibenthu zake zinadzapezeka mu 1958 m'mapiri a Snowy. Taganizani, zaka 27 abale osadziwa kumene anthu awo anagona.

Ngozi zoterezi ndi zomwe zinakakamiza boma la kumeneko kumanga masiteshoni a wailesi olumikizirana ndi ndege otchedwa Aeradio chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Anawamanga ngakhale kumabwalo akutali ngati Forrest, pakati pa chigwa cha Nullarbor chosowa mitengo chija, pomwe ndege zapakati pa Perth ndi Adelaide zinkatera kuti zithire mafuta.

Mayi ena a ku Balaka akufunsa: "Kodi anthu a m'masiteshoniwo ankaulutsa mawu ngati inuyo?"

Ayi mayi, kunalibe nyimbo kapena moni kwa abale. Munthu ankakhala mahedifoni ali m'makutu, chala chili pa kachitsulo kogogodera mauthenga a Morse, akutola timawu tatifupi ndi tatitali m'kati mwa phokoso la wailesi. Ankauza woyendetsa za mitambo ndi mphepo, kulemba nthawi ndi malo amene ndege yafika, kenako n'kudziwitsa siteshoni yotsatira. M'masiteshoni ena munali chida chopimira kumene mawu a ndege akuchokera, choti wosokera abwerere m'njira. Ndege ikangochedwa, woyamba kuda nkhawa ndi kuchenjeza ena anali iyeyo. Ine anthu amenewa ndimawavulira chipewa.

Komatu mayi, zida pazokha sizinali zokwanira. Mu Okutobala 1938 ndege yotchedwa Kyeema inapitirira bwalo la ndege la Essendon ku Melbourne ili m'mitambo n'kukawomba phiri la Dandenong, anthu 18 onse n'kufera pomwepo. Chida cha wailesi cholondolera ndege chinali chitaikidwa kale pabwalopo, koma chinali chisanayambe ntchito chifukwa akuluakulu anachedwa kuchiyesa. Zimenezi zimandiwawa kwambiri.

Pitirizani kutilembera, makalata otsala tiwerenga sabata yamawa.