Kusanja ndi kuika makhodi pa mauthenga a nthawi ya mliri pogwiritsa ntchito OneNote

Pa sikirini: chala chikutsetsereka pa foni yodzaza ndi zithunzi za zikalata za boma, mapositi a pa Facebook ndi mavoisi a pa WhatsApp.

Muli bwanji nonse. Vidiyo iyi ndi ya inu amene mukufufuza momwe uthenga unkayendera pa nthawi ya kolera yomwe inabuka muno mu Lusaka mu Okutobala 2023, kapena pa chilala chomwe Pulezidenti Hakainde Hichilema anachitcha tsoka la dziko pa 29 Febuluwale 2024. Mwina foni yanu ikuoneka ngati iyi: zikalata za Unduna wa Zaumoyo, za ZNPHI (bungwe la boma loona za umoyo wa anthu), za DMMU (ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi), mavoisi a pa gulu la kutchalitchi, zonse mulu umodzi. Tizisanja mu OneNote, pulogalamu ya Microsoft yolembamo manotsi, ya pa kompyuta ya Windows, chifukwa ndi imene ili ndi zida zonse zomwe tionetse.

Mu kafukufuku wotere, uthenga wopanda tsiku ndi mwini wake sukuthandizani kanthu. Taonani za masukulu. Anayenera kutsegulidwa pa 8 Januwale 2024. Chifukwa cha kolera, boma linasunthira tsikulo pa 29 Januwale, kenaka linasunthanso kufika pa 12 Febuluwale. Mukapeza positi ya kholo likudandaula kuti ana akhalitsa pakhomo, muyenera kudziwa ngati linkayankha chilengezo choyamba kapena chachiwiri. Tsiku likasowa, dandaulolo simungaliike paliponse.

Pa sikirini: notibuku yatsopano, magawo anayi.

Tsegulani notibuku imodzi yokha, muigawe panayi: Zoyambirira, Zamakhodi, Buku la Makhodi, ndi Maganizo. Mu Zoyambirira mumalowa chilichonse monga munachipezera, ndipo simukonzamo ngakhale chilembo. Ntchito yonse yoika makhodi, mayina afupiafupi osonkhanitsira zofanana, imachitikira pa kope, mu gawo la Zamakhodi.

Uthenga umodzi, tsamba limodzi. Dzina la tsamba liyambe ndi chaka, mwezi, tsiku, kenaka gwero, njira ndi nambala, mwachitsanzo 2024-01-15_Unduna_Facebook_007. Mukasanja masamba motsatira alifabeti, adzandandalika okha motsatira nthawi. Musasanje ndi Date Created, chifukwa limenelo ndi tsiku lomwe inu munatsegula tsamba, osati lomwe uthenga unatuluka. Pamwamba pa tsamba ikani tebulo laling'ono la mizere sikisi: analankhula ndani, kudzera pati, tsiku lotuluka, tsiku lomwe munasunga, chilankhulo, ndi linki. Alt+Shift+D imakulemberani tsiku la lero.

Pa Facebook jambulani sikirini tsiku likuoneka, poti positi imatha kukonzedwa kapena kufufutidwa. WhatsApp ndiye imavuta. Tsiku lomwe voisi inafika pa foni yanu si tsiku lomwe inajambulidwa; mwina yazungulira ku Matero ndi ku Chawama kwa masabata awiri. Lembani kuti “tsiku loyamba kuiona”, ndipo ngati ili ndi chizindikiro cha Forwarded many times, lembaninso zimenezo.

Chithunzi chikakhala ndi mawu, dinani kumanja pa mausi musankhe Copy Text from Picture. Pa Chingerezi imayesetsa. Pa Chinyanja werengani mzere uliwonse, makamaka mawu okhala ndi ng' ndi m', omwe amatuluka opunduka. Mavoisi alembeni m'chilankhulo chomwe analankhulidwa, ngakhale chikhale chija cha mtauni chosakaniza Chinyanja, Chibemba ndi Chingerezi. Kumasulira kubwere pansi pake, ndipo makhodi muike pa mawu oyambirirawo. “Wiritsani madzi” ndi “tiyeni tiziwiritsako madzi” akamasuliridwa mothamanga amafanana, chonsecho loyamba ndi lamulo, lachiwiri ndi pempho la munthu amene akudziwerengera m'gulumo. Wofufuza za ulemu mu uthenga akataya kusiyana kumeneku wataya zambiri.

Pa sikirini: gawo la Buku la Makhodi.

Khodi ndi dzina lalifupi lomwe mumapatsa chidutswa cha uthenga kuti muthe kusonkhanitsa zofanana. Simukuyenera kuyambira pa zero. Ndondomeko ya CERC, yolankhulira ndi anthu pa nthawi ya ngozi, ya bungwe la zaumoyo la CDC la ku America, ili ndi mfundo sikisi: kufulumira kulankhula, kunena zolondola, kukhala wodalirika, kusonyeza chifundo, kuuza anthu chochita, ndi kupereka ulemu. Wofufuza wina, Timothy Coombs, nayenso anagawa mayankho a mabungwe pa nthawi ya vuto: ena amakana, ena amachepetsa vutolo, ena amapepesa ndi kukonza. Tengani apo makhodi pakati pa 8 ndi 12. Mukayamba ndi 40, pofika tsamba la 20 mudzakhala mutaiwala theka.

Khodi iliyonse ikhale ndi tanthauzo, nthawi yoigwiritsa ntchito, nthawi yosaigwiritsa ntchito, ndi chitsanzo chochokera mu deta yanu. Ambiri amadumpha mzere wa “nthawi yosaigwiritsa ntchito”, ndipo ndi pomwepo pamene makhodi amayamba kulowana.

Tiyerekeze ndi ziganizo zitatu zopeka. “Thirani kolorini m'madzi akumwa.” Iyi ndi CHOCHITA. “Kolera imafala kudzera m'madzi ndi chakudya chomwe chakhudzana ndi chimbudzi.” Iyi ndi KUFOTOKOZA, chifukwa sikuuza munthu choti achite. Chachitatu: “Anthu a m'makomboni asiye uve.” Mukachiwerenga mwamsanga mudzati CHOCHITA. Koma chochitacho n'chiti? Mayi wa ku Kanyama amene chitsime chake chosaya chili pafupi ndi chimbudzi chokumba, mvula itadzaza bwalo lonse, akamva zimenezi sapeza poyambira. Chiganizochi chikuloza chala, choncho khodi yake ndi KULOZACHALA. Ife timaona kuti malire a makhodi awiriwa ndi oyenera kuwathera nthawi kuposa ena onse, chifukwa mukawasokoneza lipoti lanu lidzati anthu anapatsidwa malangizo ambiri pamene mbali ina anangodzudzulidwa. Ngati ndime ili ndi zonse ziwiri, ikani makhodi onse awiri, ndipo lamulo limenelo mulilembe m'buku.

Mukakumana ndi chinthu chosalowa m'khodi iliyonse, monga mphekesera ya mankhwala apakhomo, musachikankhire pomwe sichikwana. Chilembeni mu Maganizo ndi tsiku. Chikabweranso katatu, chipatseni khodi yakeyake, kenaka mubwerere ku masamba akale mukaone ngati chinalimo.

Pa sikirini: Home, Tags, Customize Tags, New Tag.

Apa mupange tagi, kachizindikiro komwe OneNote imaika pambali pa ndime, imodzi pa khodi iliyonse. Matagi naini oyamba pa mndandanda amakhala ndi njira yachidule, Ctrl+1 mpaka Ctrl+9, choncho omwe mumagwiritsa ntchito kwambiri muwakwezere pamwamba.

Tagi imamatira pa ndime yonse, osati pa mawu omwe mwasankha. Chikalata chikalowa ngati ndime imodzi yaitali, chiduleniduleni ndi Enter kuti ganizo lililonse likhale pa ndime yake. Shift+Enter imangotsitsa mzere, ndimeyo imakhalabe imodzi. Kumapeto kwa ndime iliyonse lembani nambala ya tsamba, monga 007, kuti ikapita kwina muzidziwa kwawo.

Chenjerani posintha dzina la tagi. Dzina latsopano limagwira pa zomwe mudzaike kutsogolo, zakale zimatsala ndi dzina lakale, ndiye khodi imodzi imasanduka ziwiri. N'chifukwa chake timayesa kaye makhodi pa masamba 15 kapena 20 tisanayambe mulu wonse.

Powerenga zotsatira, dinani Find Tags, musanje motsatira dzina la tagi, ndipo musake mu gawo la Zamakhodi lokha. Create Summary Page imakupangirani tsamba la zonse zomwe zapezeka. Tsambalo ndi kope, limabwera ndi matagi ake ndipo silisintha mukasintha zoyambirira. Mukalisiya m'gawo lomwelo, kusaka kotsatira kudzawerenga ndime kawiri. Likopereni ku Excel, kenaka mulichotse.

Mnzanu wachiwiri aike makhodi payekha pa ndime 10 mwa 100 zilizonse, asanaone zanu. Yerekezani mu Excel. Kungowerenga pomwe mwagwirizana sikukwanira, poti kwina mumagwirizana mwamwayi. Muyeso wa Cohen's kappa umachotsa mwayiwo, ndipo ofufuza ambiri amafuna upitirire 0.6. Ukatsika, kawirikawiri vuto limakhala tanthauzo la khodi m'buku. Likonzeni, muyesenso pa ndime zina.

Pa sikirini: gawo lokhomedwa ndi pasiwedi.

Kafukufuku wa zaumoyo m'Zambia amadutsa ku komiti yoona za chilungamo pa kafukufuku, monga UNZABREC ya ku UNZA, komanso ku National Health Research Authority. Palinso lamulo la Data Protection Act la 2021, ndipo nkhani za matenda a munthu zimafuna chitetezo chapadera. Macheza a pa WhatsApp mukawatulutsa amabwera ndi manambala a foni ndi mayina. Musanawakopere ku Zamakhodi, sinthani munthu aliyense akhale M01, M02, ndipo mndandanda wa eni ake usungidwe kunja kwa notibuku. Gawo la Zoyambirira likhomeni ndi pasiwedi. Likakhomedwa silioneka posaka, ndipo pasiwedi mukaiiwala palibe amene angakutsegulireni, ngakhale a Microsoft.

Magetsi akazima kapena bandulo ikatha, OneNote imasunga ntchito pa kompyuta n'kudikira intaneti. Choopsa ndi kukonza tsamba lomwelo pa foni ndi pa laputopu zisanalumikizane, chifukwa mumapeza makope awiri osagwirizana. Makhodi ikani pa kompyuta imodzi yokha. Intaneti ikabwera dinani Shift+F9, mudikire imalize musanatseke. Kamodzi pa sabata pitani pa File, Export, Notebook, musunge notibuku yonse pa fulashi, ndipo pa dzina la failo muike tsiku.