Ulendo wa masiku angapo m'mapiri ndi kugona kuthengo: zimene zinayankhulidwa pabwalo la mfumu ku Kasungu

Zikomo a mfumu, zikomo nduna, amayi ndi abambo nonse. Achinyamata a kalabu ya zachilengedwe, sunthirani kutsogolo kuno, poti nkhaniyi mwayiyambitsa ndinu. Mwati mukufuna kunyamula zikwama mu June, muyende masiku anayi kapena asanu m'mapiri, muzigona pamene dzuwa lakuloŵererani. Makolo ena ndawamva akuti izi ndi za azungu. Ayi, bambo. Agogo athu ankachoka pano wapansi mpaka ku Halale ndi ku Joni, kamba ali pamutu. Kamuzu Banda yemwe, cha m'ma 1915, anachoka kuno ku Kasungu ali mnyamata, nayenda wapansi mpaka ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero. Ambiri a iwo ankawathamangitsa ndi msonkho, pamene inu mukungofuna kuona dziko. Miyendo ndi yomweyo.

Koma pali chinthu chimene mumachiona pa mafoni anu chimene chingakusokeretseni. Mumaona munthu wamanga tenti pamwamba pa phiri yekhayekha, osapempha kwa aliyense. Ku Scotland zimatheka, chifukwa kuli lamulo la mu 2003 lolola munthu kugona kutchire pafupifupi paliponse, bola asawononge. Kuno kwathu thengo lililonse lili ndi mwini wake. Ngati si la mfumu, ndi nkhalango ya boma yoyang'aniridwa ndi a zankhalango, monga ija ya m'mapiri a ku Mchinji. Ngati si nkhalango, ndi paki, kapena esiteti ya munthu. Ndiye ulendo wanu umayambira pakhomo pa mwini malo.

Mukafika m'mudzi wa pansi pa phiri, musadutse ngati agalu osokera. Funsani kwa a mfumu, khalani pansi, nenani kumene mwachokera, kumene mukupita, ndi kuti mulipo angati. A mfumu athu ano akulembereni kalata yokhala ndi chidindo, muziyionetsa. Ena mukuseka, mukuona ngati ndi zachikale. Kumbukirani za mu 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo. Anthu anaphedwa chifukwa chongokhala achilendo pamalo. Tangoganizani anyamata asanu ndi mmodzi osadziwika, zikwama zazikulu kumsana, matochi akuwala m'phiri pakati pa usiku. Mudzi ungaganize chiyani? Pamene mukanapita masana kukapereka moni, mwina akanakupatsani ndi mnyamata wokuperekezani, n'kukuuzani pamene pali kasupe.

Ndipo pali china chimene mlendo sangachidziwe payekha. Mukatopa, maso amathamangira pamene pali mitengo ikuluikulu yowirira, pamthunzi wabwino, pamene minda yonse yozungulira ndi yoyera. Inu ana a kuno mukudziwa chifukwa chake mitengo ija sinadulidwe. Ndi kumanda, ndipo mwina ndi kudambwe. Kukhoma zikhomo za tenti pamenepo ndi mlandu wa mbuzi, kapena woposa apo. Safunsa anadya phula.

Za paki ndinene mosabisa. Paki yathu ya Kasungu inakhazikitsidwa mu 1970, ndipo kukula kwake kumaposa masikweya kilomita 2,000. Ndi yachiŵiri kwa Nyika. Simuloŵamo podumpha waya, mumaloŵera pageti, mumalipira, mumagona pamalo amene akuonetsani monga ku Lifupa, ndipo ngati mukuyenda wapansi mumayenda ndi mlonda wa paki wa mfuti. Akakupezani m'kati popanda chilolezo, chikwanje chili m'manja, sadzafunsa ngati ndinu okaona malo. Komanso mu 2022 anabweretsa njovu 263 kuchokera ku Liwonde, ndipo za njovuzo sindikufunika kukuuzani, ena a inu zinakudyerani chimanga ndipo midzi ina inalira maliro. Njovu imayenda usiku, imatsata njira zake zopita kumadzi. Mukaona ndowe zaziŵisi ndi nthambi zothyoledwa kumene, pamenepo si pogona, ngakhale muli kunja kwa waya.

Tsopano katundu. Ndapempha mmodzi wa inu kuti abweretse chikwama chake monga wachikonzera. Taonani. Mpoto wa nsima wa banja lonse, mabulangete aŵiri, sipika ya nyimbo, nsapato zosinthira, ufa wokwana sabata ziŵiri. Mwana wanga, ichi udzachitaya pa mtsinje woyamba. Chikwama chisapitirire gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwa thupi lako. Wolemera makilogalamu 60 anyamule 12, madzi ali momwemo, ndipo lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu yathunthu. Mpoto ukhale umodzi pa gulu. Zolemera ziikidwe pafupi ndi msana, osati pansi penipeni kapena kulendeŵera kunja. Tenti ngati mulibe musadandaule. Lona ya pulasitiki, chingwe ndi neti ya udzudzu zimakwana m'nyengo yopanda mvula. Chimene anthu amaiŵala ndi choyala pansi. Mu June ndi July kuzizira kumachokera m'nthaka, ndipo bulangete la pamwamba silithandiza ngati msana uli pa dothi. Kasaka kodzaza udzu wouma kamagwira ntchito. Pamwamba pa phiri kumazizira kuposa pano, pafupifupi madigiri 6 pa mamita 1,000 aliwonse amene mwakwera.

Kamba ndi yemwe uja wa makolo: mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, usipa, ufa pang'ono, mchere, shuga, masamba a tiyi. Chigumu ndi mbatata yowotcha mudye tsiku loyamba, zisanasase.

Nsapato zatsopano zisiyeni kunyumba. Valani zimene phazi linazizoloŵera kale. Mukamva pakutentha pachidendene, imani pomwepo mumate pulasitala thuza lisanatuluke, chifukwa thuza limodzi limaimitsa gulu lonse.

Madzi ndiye amalamula ulendo. Musamafunse kuti tsiku lino tiyenda makilomita angati, muzifunsa kuti madzi otsatira ali pati. Ndi katundu kumsana munthu amayenda makilomita pafupifupi 4 pa ola pamalo athyathyathya, ndipo pokwera amachepera apo. Makilomita 15 pa tsiku ndi okwanira kwa oyamba kumene. Timitsinje tambiri timene timathira mu Dwangwa ndi mu Bua timaphwa chilimwe chikafika, ndiye chimene munachiona mu April musachidalire mu September. Madzi a padambo, ngakhale aoneke oyera, ng'ombe zamwapo ndipo anthu achapirapo. Asefeni pa kansalu, muwaŵiritse mpaka abwate kwa mphindi imodzi yathunthu, kapena muthiremo WaterGuard n'kudikira theka la ola. Nyamulani mapaketi a Thanzi. Akatha, lita imodzi ya madzi oŵiritsa, masupuni a tiyi 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni ya mchere, zimathandiza wotsekula m'mimba kufikira mutafika kuchipatala.

Pogona pasankhidwe dzuwa likadalipo, cha m'ma 4 koloko. Mu June mdima sumachedwa. Musagone m'khwawa ngakhale mchenga wake ukhale wofewa chotani, ndipo musagone m'mphepete mwenimweni mwa madzi, kumene kuli udzudzu, chinyezi ndi nyama zobwera kudzamwa. Talikirani madziwo ndi masitepe 70 kapena kuposa. Yang'anani kumwamba ngati pali nthambi youma, yang'anani pansi ngati pali mzere wa linthumbu. Amene linthumbu linamuloŵerapo m'bulangete akudziwa kuti palibe kugonanso usiku umenewo. Chimbudzi, kumbani kadzenje kakuya ngati chikhatho, kutali ndi mtsinje, mukwirire. Anthu a kumunsi amamwa madzi omwewo.

Moto. Apa a mfumu andimvetsere bwino, chifukwa milandu yake imafika kwa iwo. Kuyambira August udzu umakhala wouma gwa, mphepo ili kuwomba. Kamoto kophikira tiyi kangathe kupsereza phiri lonse, udzu wofolerera nyumba, ming'oma ya njuchi, mpaka chigafa cha fodya cha munthu. Palani bwalo lozungulira, sonkhani pakati pa miyala, tolani nkhuni zogwa zokha, musadule mtengo wauŵisi. Pochoka thirani madzi, vundulani phulusa, muligwire ndi dzanja. Ngati likutentha, simunazime. M'nkhalango ya boma, kuyatsa moto popanda chilolezo ndi mlandu pansi pa lamulo la zankhalango la mu 1997.

Mayi uko mwakweza dzanja. Njoka? Eya. Yoopsa kwa woyenda ndi mphiri, chifukwa siithawa, imangogona m'njira n'kudalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma. Woyenda patsogolo akhale ndi ndodo, usiku osatuluka opanda tochi, m'maŵa kukutumula nsapato musanavale. Wina akalumidwa, musacheke, musayamwe, musamange chingwe cholimba. Mumugoneke, muvule mphete kapena chibangili, mwendowo usagwedezeke, mumunyamule kupita kuchipatala. Ndi chifukwa chake sindilola ulendo wa anthu ochepera anayi: mmodzi wavulala, mmodzi akhala naye, aŵiri athamangira thandizo.

Kufupi ndi paki kuli kashembe, amene amafalitsa matenda a kaodzera. Amakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuŵa, za manja aatali. Mukabwerako n'kuyamba kutentha thupi, mukauze adokotala kumene munali, asangoganiza za malungo okha.

Amene mukuti mudzaloŵera ku Mchinji, dziŵani kuti mapiri aja ali m'malire ndi Zambia, ndipo m'thengo mulibe chikwangwani. Tengani munthu wa komweko. Mukadzakula mtima n'kufuna Mulanje, kuli Sapitwa wa mamita 3,002, kuli tinyumba togona m'phiri ndi operekeza odziŵa njira, koma yambani ndi phiri la Kasungu lomweli, mugone usiku umodzi pafupi, muone chimene chikusoŵa m'chikwama.

Foni musayidalire, netiweki imatha ndipo batire imafa. Musananyamuke, lembani papepala maina anu, midzi imene mudutse, ndi tsiku lobwerera. Pepala limodzi lisiyidwe kwa a mfumu, lina kwa kholo. Mugwirizanenso kuti tsiku limenelo likadutsa mpaka m'maŵa mwake osakuonani, anthu ayambe kukufunani kuchokera mudzi womaliza pa pepalapo. Alembi a kalabu, Loŵeruka mubwere ndi zikwama zonse, sikelo ya fodya tibwereka kwa a nduna, tidzayeze chimodzichimodzi.