Mfuti ya pulasitiki si chidole

Zikomo a mfumu, zikomo abambo ndi amayi nonse. Achimwene akhala kumbuyo uko afunsa ngati n'zoona kuti kuli mfuti za m'manja zopangidwa ndi pulasitiki. N'zoona, koma si mfuti yonse ayi. Pulasitikiyo ndi ya pogwirira ndi thupi la m'munsi basi. Mpope wodutsa chipolopolo ndi chigawo cha pamwamba chimene chimabwerera m'mbuyo mfuti ikalira, zonsezo n'zachitsulo.

Kampani ya ku Germany ya Heckler & Koch ndiyo inayamba kupanga mfuti zotere mu 1970, koma amene anazitchukitsa ndi Gaston Glock wa ku Austria, munthu amene kale ankapanga mipeni ndi zitsulo zokolekera makatani. Asilikali a dziko lake anasankha Glock 17 mu 1982.

Nanga anthu anaikondera chiyani? Kupepuka. Colt M1911, yachitsulo yokhayokha, imapitirira kilogalamu imodzi ilibe chipolopolo, ndipo magazini yake, kabokosi koikamo zipolopolo, imalowa zipolopolo 7. Glock 17 mutaidzaza zipolopolo 17 sifika n'kilogalamu yomwe. Taganizani wapolisi amene wamanga lamba kuyambira m'bandakucha, pali mfuti, unyolo, wailesi, dzuwa lili phwee. Pofika madzulo chiuno chimakhala chitamva. Komanso thukuta ndi mvula sizichititsa dzimbiri pulasitiki. Ngakhale asilikali a ku America, mu 2017 anasankha SIG Sauer ya pulasitiki kuti ilowe m'malo mwa Beretta M9 imene anakhala nayo kuyambira 1985.

Koma yachitsulo ili ndi ubwino wake. Poti ndi yolemera, ikalira sikankha dzanja kwambiri, ndiye ambiri ochita mpikisano wowombera amaikondabe.

Kale kunamveka mphekesera yoti Glock siioneka pa makina a pabwalo la ndege, mpaka dziko la America linakhazikitsa lamulo mu 1988 loletsa mfuti zosaoneka pa makina. Chonsecho Glock imaoneka bwinobwino, chitsulo chilimo chambiri.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ana athu. Mfuti ya Glock imeneyi mukaikhudza pogwirira imamveka ngati zidole zija za pamsika, ndipo ilibe kabatani kapambali kotsekera. Chala chikangokoka ndithu, yalira. Mwana akaitola kuthengo kapena m'chikwama chotayidwa ndi akuba sangasiyanitse. Muwauze kuti asaigwire, aitane wamkulu, wamkuluyo akanene kupolisi.