Musanamulande foni, yambani mwamufunsa

Moni makolo anzanga nonse a pagulu lathu lino. Ndine mphunzitsi uja wa mpira wamanja kuno kwa Kamwendo. Pepani, uthengawu utalikirapo, koma mumvere mpaka kumapeto.

Sabata yatha mayi wina anandipeza pamsika, akudandaula kuti mwana wawo wa Fomu 2 sakugona. Usiku onse ali m'bulangete ndi foni: TikTok, Facebook, mwina kandege kaja kotchovera juga. Ndalama ya sopo ikuthera bandulo. Amukwapula, amulanda foniyo, iye n'kukabwereka ya mnzake. Nditawafunsa komwe mwanayo anakulira, ndi pamene zinatuluka. Anakhalapo kwa achibale, komwe akalakwa ankamumana nsima, kumutukwana kuti ndi chitsiru, kumudzutsa mbandakucha kukasoka fodya anzake akupita kusukulu.

Apa ndiye timvetsetsane. Mwana wokulira mu nkhanza amasenza mantha ndi manyazi. Kukada maganizo amamuchulukira, tulo sitibwera. Foni ija ndi pobisalira pake, chifukwa m'menemo mulibe womukalipira. Mukamulanda ndodo ili m'manja, mwatseka pothawira, koma chomwe akuthawacho chikadali pompo.

Ndiye chitani chonchi. Musamufunse pamaso pa abale ake, kapena pa nsima ayi. Mutengeni popita kudimba kapena kuchigayo, muziyenda limodzi. Mwana amamasuka pamene simukuyang'anana m'maso. Mufunseni kuti, "Mwanangu, chikukusowetsa tulo n'chiyani?" Kenako khalani chete, ngakhale mufike kuchigayo asanayankhe. Mawa mudzafunsenso. Akatchula amalume ake, kapena bambo omupeza, kapena inu amene, musathamangire kunena kuti akunama. Ndibwerezenso, musamutsutse. Mwana akatsutsidwa kamodzi sadzatsegulanso pakamwa.

Za foniyo, panganani. Ikakwana 8 koloko usiku izigona kuchipinda kwanu. Yanunso muziyiika pomwepo, ana amaona.

Tsopano za thupi, pomwe ine ndimadziwa bwino. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 tsiku lililonse. Ndikudziwa wina anena kuti wangayu amalima mtedza, amatunga madzi, thukuta amatuluka kale. Zoona. Koma ntchito yogwira yekha mtima uli wosweka siilowa m'malo mwa masewera ndi anzake. Mpira wamiyendo, wamanja, fulaye, jingo, kupalasa njinga ndi anzake, chilichonse chomwe iye wasankha. Ndaziona ndi maso angawa pabwalo: mtsikana amabwera ali ndwii, wosayankhula ndi munthu, pakatha masabata angapo mumamumva akukuwa kuti "ponya kuno!" Thupi likatopa ndi kusewera tulo timabwera tokha, ndipo mwana wogona bwino safunafuna foni pakati pa usiku. Masiku oyambirira muzimuperekeza. Za nsapato musadandaule, ambiri amasewera chosavala.

Komabe mpira suchiza zonse. Mukaona akukana kudya, akudzipatula, akudzicheka, kapena akunena kuti bola atangofa, musati ndi chibwana. Tsiku lomwelo pitani naye kuchipatala, mukanene mosabisa kuti ndi nkhani ya maganizo. Ndipo mankhwala opopera fodya, oteteza chimanga ku anankafumbwe ndi a makoswe, chotsani pomwe angawapeze, mukhome. Kwathu kuno amapezeka pafupifupi nyumba iliyonse, nthawi zina ali pawindo chabe.

Ngati nkhanzayo ikuchitikabe, kapena panali zogwiriridwa, imbani 116. Ndi nambala yaulere yothandiza ana, mwana yemwe akhoza kuimba yekha. Kupolisi kuli Victim Support Unit, nthambi yothandiza ochitiridwa nkhanza, ku Mchinji boma kuli ofesi ya Social Welfare. Malamulo a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale atatalika kuposa inu. Zoti tikambirana pachibale zija ndi zomwe zimamusiya mwana akugona nyumba imodzi ndi womuzunza.

Lachiwiri ndikhala pabwalo la sukulu kuyambira 3 koloko masana. Wamanyaziyo mubwere naye, ndidzamulandira ndine. Zikomo kwambiri.