Harriet Tubman: mayi amene anathawa ukapolo n'kubwerera kukatenga anzake

[Chithunzi: mdima, dambo la ku Maryland, m'dziko la America]

Loweruka usiku. Imeneyi ndiyo nthawi imene Harriet Tubman ankakonda kunyamuka ndi anthu amene ankawathawitsa ku ukapolo. Bwanji Loweruka? Nyuzipepala zolengeza za akapolo othawa sizinkatuluka mpaka Lolemba. Pofika Lolembalo, anthu aja ali kutali. Ankasankhanso miyezi yachisanu, pamene usiku umatalika ndipo anthu amabindikira m'nyumba. Mayiyu sankayenda mwachimbulimbuli ayi.

Moni nonse amene mukuonera.

Anabadwa cha m'ma 1822 ku Dorchester County, ndipo dzina lake loyamba linali Araminta Ross. Ali mtsikana, kapitawo wina anagenda kapolo wothawa ndi chitsulo choyezera katundu pa sikelo. Chitsulocho chinaphonya n'kumenya Araminta m'mutu. Kuyambira pamenepo, tulo tinkangomugwera mwadzidzidzi, ngakhale ali pakati polankhula, mpaka ukalamba wake. Musaiwale zimenezi, chifukwa munthu yemweyu ndiye ankatsogolera anzake m'thengo, agalu akununkhiza m'mbuyo.

[Mapu: Maryland mpaka Philadelphia]

Mu 1849 ananyamuka ndi alongo ake awiri, koma iwo mantha atawagwira, onse anabwerera. Patangopita nthawi yochepa anathawanso yekha, ulendo wa makilomita pafupifupi 140, mpaka ku Philadelphia, mzinda wakumpoto kumene kunalibe ukapolo. Anamuthandiza ndi anthu a Underground Railroad, kutanthauza kuti njanji ya pansi pa nthaka. Dzinali lisakupusitseni, kunalibe njanji kapena sitima. Anali anthu wamba, akuda ndi azungu, amene ankabisa othawa m'nyumba zawo n'kuwapatsira kwa mnzawo wa kutsogolo.

Ndikanakhala ine, ndisaname, ndikanangokhala phee komweko. Iye anabwerera maulendo pafupifupi 13 n'kutulutsa anthu pafupifupi 70, ambiri mwa iwo abale ake ndi anansi. Mwina munamvapo zoti anali 300, koma akatswiri a mbiri yakale amati chiwerengero chimenecho n'chokokomeza.

Mu 1850 kunabwera lamulo loti wothawa azigwidwa ngakhale m'zigawo zakumpoto, choncho anayamba kupitiriza nawo mpaka ku St. Catharines, ku Canada. Ankayenda ndi mfuti. Wina akafooka n'kufuna kubwerera, ankamuloza nayo, poti wobwerera akamenyedwa angaulule njira yonse. Makanda ankawamwetsa mankhwala ogonetsa kuti asalire. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anagwidwa ali m'manja mwake, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Mose.

Sikuti zonse zinkamuyendera. Mu 1851 anapita kukatenga mwamuna wake, John Tubman, n'kupeza atakwatira wina. Anangosonkhanitsa anthu ena n'kupita nawo. Makolo ake anawatulutsa mu 1857, koma m'bale wake Rachel anamwalira asanamufikire.

[Chithunzi: mtsinje wa Combahee, South Carolina]

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pakati pa zigawo zakumpoto ndi zakumwera, anali namwino komanso kazitape wa asilikali akumpoto. Mu June 1863 anatsogolera nawo sitima zankhondo pamtsinje wa Combahee, ndipo akapolo oposa 700 anamasulidwa ulendo umodzi.

Nanga boma linamuthokoza bwanji? Anadandaula za malipiro ake kwa zaka zoposa 30, ndipo mu 1899 ndi pamene anayamba kulandira madola 20 pamwezi. Anamwalira pa 10 March 1913 ku Auburn, New York, m'nyumba yosungira okalamba imene anaiyambitsa yekha.