Makalata a Omvera: Ana Akufuna Nyanja ya Mchere

Takulandiraninso omvera athu kulikonse kumene muli. Kalata yoyamba yachokera ku Chilomoni, kwa bambo amene angosaina kuti "Tate wa ana atatu". Akuti: "Ana anga akuti Mangochi yawakwana, akufuna kukaona nyanja ya mchere ku Mozambique pa Khirisimasi. Kagalimoto ndili nako. Ndidzere kuti, nanga ndikonzekere zotani?"

Bambo, ganizoli ndi labwino, koma mwezi mwasankhawo ndiye ndikuukana. Kuyambira Novembala mpaka Epulo ndi nyengo ya anamondwe kugombe kumeneko. Idai anaphwasula Beira mu Malichi 2019, ndipo Freddy, yemwe anatiliritsa ku Chilobwe ndi ku Soche mu Malichi 2023, anatulukira cha ku Quelimane. Ngakhale namondwe asabwere, kutentha kwa Disembala ana sangakupirire, udzudzu nawo umakhala uli pachimake. Dikirani holide yaikulu ya Ogasiti, kunja kuli kouma.

Njira yake musazungulire ku Mwanza ndi Tete. Dzerani ku Mulanje, mudutse chipata cha Muloza kulowa Milange, kenako Mocuba mpaka Quelimane. Koma musakakhumudwe mukafika, tauniyo ili m'mbali mwa mtsinje wa Bons Sinais, osati panyanja penipeni. Mchenga uli ku Zalala, ulendo wosakwana ola limodzi kuchoka m'tauni, msewu wake wodutsa m'minda ya kokonati. Kumeneko mukalawe nkhuku yootcha yonyikidwa mu mkaka wa kokonati, imene eniake amati frango à zambeziana. Akabaza nawo ndi osayamba, mudzayesa muli kwathu konkuno.

Tsono mapepala, apa ndi pamene ambiri amabwezedwa. Aliyense akhale ndi pasipoti yake, ndi khanda lomwe. Ife Amalawi sitifunika viza ngati ulendo sukupitirira masiku 30. Galimoto ikhale ndi blue book ndi kalata ya apolisi yoiloleza kutuluka m'dziko. Inshuwalansi mukagula pachipata pomwepo, chifukwa Mozambique siili mu COMESA, choncho yellow card, inshuwalansi ya galimoto ya maiko a COMESA, sikagwira ntchito. Musaiwale matrayango awiri ndi kajekete konyezimira kaja, apolisi a pamsewu kumeneko amayambira pamenepo. Chotonthoza mtima n'choti amayendetsa kumanzere ngati ife. Ndalama yawo ndi metical, ndipo poti nkhani ya forex mukuidziwa nokha, yambani kuyendera kubanki lero lomwe.

Yachiwiri ndi ya mayi a ku Ndirande. Akuti: "Chipwitikizi sindichidziwa olo pang'ono, kodi sindikasochera? Komanso ana anga amasambira bwino ku Mangochi, ndiye palibe vuto eti?"

Mayi, za chiyankhulo musade nkhawa kwambiri. Ku Milange Chichewa ndi Chilomwe zimamveka, mukayandikira ku Quelimane ndi Chichuabo ndi Chipwitikizi. Pamsika mupatseni wogulitsa foni alembepo mtengo, basi.

Koma funso lachiwirilo landiimitsa mutu. Nyanja ya mchere ndi ina. Nthawi zina mupeza madzi ali kutali, mchenga uli pululu, ana n'kuthamangira mkati kukatola zigoba. Pakangopita maola ochepa madziwo amabwerera, ndipo mafunde ake amakoka miyendo. Funsani asodzi nthawi imene madzi amadzadza, ndipo wamkulu mmodzi asachotse maso pa ana. Masikito munyamule anuanu.

Pomaliza, mnyamata wina wa ku Zingwangwa akufunsa za Pemba. Achimwene, Pemba ili m'chigawo cha Cabo Delgado, kumene zigawenga zakhala zikuvutitsa kuyambira 2017. Ndi banja, ine sindingakulimbikitseni. Ngati mukufunabe kumpoto, pitani ku Ilha de Moçambique m'chigawo cha Nampula, chilumba chomwe chinali likulu la Mozambique mu ulamuliro wa Apwitikizi, Lourenço Marques (Maputo ya lero) isanatenge malo, ndipo UNESCO inachiika pa mndandanda wa malo otetezedwa mu 1991. Kungoti ndi kutali, konzekerani kugona panjira.