Tayala limodzi latsopano likhoza kupha galimoto ya AWD

Zikomo, khalani pansi tiyambe. Nkhani ya galimoto ya mnzathu ya AWD ija, yokoka ndi mawilo onse anayi, mwaimva, ija inayamba kulira kumbuyo kenako kumadumphadumpha pokhota mpaka makaniko anatsitsa zamkati zonse. Ena mumati mashoko, ena mumati giyabokosi. Chinayambitsa ndi tayala. La kumbuyo linaphulika, iwo n'kugula latsopano limodzi lokha pomwe atatu aja mano anali atatha kale.

Galimoto ya AWD, kaya Subaru Forester, kaya Audi ya quattro, mphamvu ya injini imapita ku mawilo onse anayi ndipo pakati pali chogawa mphamvuzo, ina difu ya pakati (magiya olola mawilo kuzungulira pa liwiro losiyana), ina makilatchi osambira mu oyilo. Tayala latsopano ndi lalikulupo kuposa lakutha ndiye limazungulira mochedwerapo, chogawa chija chimaona ngati wilo lina likuterereka basi chimangogwira ntchito ulendo wonse osapuma, oyilo kutentha, makilatchi kupsa. Zili ngati kuvala nsapato imodzi yayitali chidendene ina yaphwatalala, muyenda inde koma chiuno chidzakuuzani. Musasakanize matayala pa AWD, ndibwerezanso, musasakanize. A Subaru amati mukayeza tayala mozungulira ndi tepi, kusiyana kusapitirire mamilimita 6. Tepi ya telala yomweyi ikwana, koma ena a inu ngakhale mpweya simuyeza, mumangomenya tayala ndi phazi n'kumati lili bwino. Tayala lopanda mpweya wokwanira nalonso limafupika, vuto lake ndi lomwelo.

(Wina kumbuyo: Achimwene, nanga ndalama ya matayala anayi ikakhala palibe?)

Funso labwino bambo, khalani pansi. Choyamba yezani mano a atatu otsalawo. Ngati adakali akuya, kusiyana ndi latsopano kuli kochepa, gulani limodzi koma likhale la kampani yomweyo, dzina lomwelo, saizi yomweyo, chifukwa matayala awiri olembedwa 225/60 R17 a makampani osiyana akhoza kusiyana msinkhu ndithu. Ngati atatuwo anadyeka pakati, sakani lakale lomwe mano ake akufanana ndi anzake, mupite ndi tepi yanu musangokhulupirira wogulitsa. Koma ngati afika pa timizere topingasa tija ta m'mipata ya mano, ta mamilimita 1.6, amenewo atha, palibe zokambirana. Ndinaonapo wina atayenda nthawi yaitali pa kasipeya kakang'ono kaja, pomwe pa kasipeyako analembapo 80 km/h, n'kongokufikitsani pokonzetsa basi. Difu ndi yodula kuposa matayala anayi bambo, musasakanize.

Ndaona ena mwayamba kuyang'ana mafoni, ndithamange. Phokoso likayamba, sinthani matayala akumbuyo apite kutsogolo, likasamuka nawo ndiye vuto ndi tayala. Pitsani dzanja pamwamba pake, likakhala ndi mabampu okwera ndi kutsika mashoko atha, likadyeka mkati mokha ndi alayimenti kapena mabushi. Kung'ung'udza komwe kumakula mukakhotera mbali imodzi n'kuchepa mukakhotera ina, imeneyo bearing ya wilo. Kukamasintha mukaponda ndi kusiya moto, ganizirani difu, tsegulani muone oyilo, akamanunkha kupsa kapena muli tizitsulo tonyezimira musayendenso. Kete kete pokhota ndi CV joint, cholumikizira cha pa chitsulo chozungulitsa wilo, onani ngati labala yake yang'ambika n'kumwaza girizi. Kunjenjemera pansi pa mpando mukathamanga, propshaft, chitsulo chachitali chopititsa mphamvu ku mawilo akumbuyo. Pezani pabwalo, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto muzungulire pang'onopang'ono, ikamakana kapena kudumpha ndiye chogawa chapakati chayamba kugwira osamasuka. Matayala muziwasinthanitsa pa makilomita 10,000 alionse kuti azitha limodzi. Ndipo ikafa panjira musaikoke mawilo awiri ali pansi awiri m'mwamba, ikwezeni yonse pa lole.